Dzino la Mvuu pa Gitala ya Yotamu

"Ndati ikunama. Kapena ndinene m'Chingelezi kuti umve, poti unanunkhizako sukulu?"

Awo anali alongo anga aakulu, Amake Tisa, amene chithunzi chawo chili pakhoma apo. Anali pamtondo, munsi uli m'manja, ine nditakhala pa chitsa, gitala ili pamwendo.

"Gitala sinama, alongo," ndinatero. "Makutu anu azolowera nyimbo za pamtondo. Izi ndi za ku tauni."

"Za ku tauni zimalira ngati mbuzi yokodwa pampanda? Ndipo chipeso changa chili kuti?"

Chipeso chawo chinali pamimba pa gitala, pansi pa mawaya, nditachidula ndi mpeni. Koma dikirani ana inu, ndiyambe poyambira. Iwe Chisomo, bwera nayo kuno gitala yakoyo, imene umachuna ndi foni ngati Mulungu sanakupatse makutu. Mukuona kathabwa aka pamimba? Mukuona kanthu koyera aka, kopyapyala, kamene mawaya onse sikisi atsamirapo? Ife tinkati kafupa. Kakhala m'kampata kake, sikanamatidwe ndi guluu, kamangogwidwa ndi mawaya. Zimenezi ine ndinazidziwa mochedwa.

Chinali chaka chachiwiri cha ufulu. Ndinali ndi zaka sikisitini, nditasiya sukulu Sitandade faifi. Kunena zoona sindinaisiye, tinangosiyana maganizo pa nkhani ya masamu. Aphunzitsi ankati seveni taimusi eiti ndi fifite sikisi, ine ndinkati dziko lalandira ufulu, munthu aziyankha zimene wakonda. Ndinkakhala kwa alongo anga ku Chinzombo. Amuna awo, alamu anga a Sakala, anali a gemu, oyang'anira nyama, munthu wa khaki wolankhula mawu atatu pa tsiku, awiri mwa iwo ali moni.

Gitala sinali yanga. Inali ya Yotamu, mnzanga amene tinakulira limodzi tikuinga mbalame m'mapira. Atate ake anabwera nayo kuchokera ku Halale. Yotamu ankaimba, osati zanga zokanda izi. Akaigwira, zala zake zinkatsika mpaka kumunsi kwa khosi, kumene ine ndinkangopita ngati mlendo. Popita ku Ndola kukafuna ntchito anatengana ndi amalume ake, mkulu wa mpingo, ndipo iwo anati chida cha m'mabala sichikwera nawo lole imodzi. Ndiye anandisiyira. "Binwelo, usabwereke munthu, usaike padzuwa, usamasule kanthu." Ndinalumbira pa manda a agogo anga onse, ndi a eni ake omwe.

Patapita miyezi inabwera kalata. Yotamu ankasesa pa sitolo ina, koma anali atapeza bandi imene inkafuna woimba gitala. Anamuuza kuti abwere ndi yake adzamuyese kumapeto kwa mwezi, ndipo mwayi wake unali umodzi womwewo, chifukwa anyamata ofuna malowo anali ochuluka ngati inswa. Lole ya wamalonda wina inkanyamuka Loweruka la sabata yotsatira kudzera ku Foti Jemusoni, kumene inu mukuti ku Chipata. Gitala ikwere lole imeneyo.

Ine mtima wabwino unandipweteka. Ndinati mnzanga asakaoneke wa kumudzi, gitala ipite ikuwala. Masiku ano waya akachita dzimbiri mumakwera minibasi pa Mfuwe, madzulo mwabwera ndi watsopano. Ife tinkawaphika. Umamasula mawaya, kuwapinda, kuwawiritsa m'chitini, thukuta lonse ndi dzimbiri zimachoka, amalira ngati a dzulo. Ndinamasula onse sikisi, n'kuwasiya pamoto, gitala yopanda mawaya ndinapita nayo ku mtsinje kukaipukuta ndi nsalu yonyowa. Ndikanatha kupukutira pakhomo, koma padooko panali atsikana.

M'mimba mwa gitala munali kanthu kakugogoda, chisa cha mavu chouma. Ndinaitembenuza chadodolido, n'kuigwedeza pamwamba pa mutu, mwa sitayilo, kuti otunga madzi aone kuti pano pali munthu wodziwa zida. Chisa chinatuluka. Nditabwerera kunyumba n'kumanga mawaya, onse anagona pa khosi ngati odwala malungo. Kukhudza, anangoti zzz. Pakampata paja panali pululu.

Mchenga wa Luangwa ndinausefa wonse, kuyambira pa Chinzombo mpaka kwa Apwitikizi. Unali Okutobala, ndipo dzuwa la kuno ku Malambo mukulidziwa, chaka chimenecho nsomba zinkatuluka thukuta m'madzi. Ndinapeza mabatani, zigoba za nkhono, dzino la munthu wina, koma kafupa ayi. Ndinaika msomali m'kampatamo, unkagubuduka. Ndinaika nsungwi, gitala inalira ngati ili ndi chimfine. Ndiye ndinaona chipeso cha alongo, choyera, chonyezimira, msana wake wolowa bwino m'kampata. Ndinachuna, ndinaimba, ine kwanga zinali bwino. Apo ndi pamene tinayambana paja.

Amake Tisa anaika munsi pansi. Iwo gitala sanaigwirepo, koma ndiwo ankayambitsa nyimbo ku tchalitchi, ndipo munthu akaphonya mawu ankamutembenukira ngakhale ali pa benchi yomaliza.

"Liza waya woyambayo, usagwire paliponse."

Ndinaliza. Iwo anautsatira ndi pakamwa potseka.

"Ameneyo ndi mayi. Tsopano dina pakati pa khosi, pali timadontho tiwiripo. Yotamu akadina pamenepo pankatuluka mwana wa mawu omwewo, wamng'ono koma nkhope imodzi."

Ndinadina.

"Wamva? Mwana ameneyo si wa mayiyo. Ndi wa kwa aneba."

Ndinati ndikane, koma ndinali nditamva. Kumtunda kwa khosi, kumene ine ndinkakandako, bodza linali laling'ono. Ukamatsika linkakula. Ndipo nyimbo zonse za Yotamu zinkakhala kumunsi komweko. Ndinamuona Yotamu m'maganizo ataima pamaso pa anthu a bandi, zala zikuchita zoona, gitala ikumunamizira, iwo akuyang'anana, iye akubwerera ku tsache.

Munthu mmodzi yekha ankadziwa za magitala kuno, ndipo anali yemwe ndinkamuzemba pamsewu: aphunzitsi a Mweemba, a masamu aja. Boma linawatumiza kuchokera kwawo kwa Atonga, dziko la ng'ombe, ndipo anaphunzira gitala ku koleji. Ndinapita nditavala nkhope ya maliro.

"Mwaswera bwanji, aphunzitsi."

"Binwelo. Wabwera kudzandiuza seveni taimusi eiti?"

"Ikadali m'njira, aphunzitsi."

Anaiyang'ana gitala, anayang'ana chipeso, anatulutsa rula. Rula yomweyo imene inkadziwa zala zanga zonse ndi maina. Anayeza kuchokera kumutu kufika pa timadontho tiwiri, n'kuyezanso kuchokera pa timadontho kufika pa chipeso.

"Maulendo awiriwa azikhala ofanana," anatero. "Mawaya onenepa uwawonjezereko pang'ono, ngati kunenepa kwa kamtengo ka machesi, ndiye msana wa kafupa uzipendekera kumbuyo mbali imeneyo. Chipeso chako ndi chofewa, chawerama kutsogolo, ulendo wafupika. Chachiwiri, chatalika. Waya ali kumwamba ngati wa telefoni, pomudina kuti afike pansi ukumukoka, mawu akukwera. Amenewa ndi masamu, Binwelo. Unawathawa m'kalasi, akulondola mpaka kumudzi."

"Nanga ndiikepo chiyani?"

"Fupa la mwendo wa ng'ombe. Uliphike mafuta onse achoke, uliumitse, ulipale."

Munthu ameneyu chilichonse mankhwala ake inali ng'ombe. Mutu ukawawa, mkaka. Mnyamata akavuta, akawete ng'ombe. Anaiwala kuti ali ku Malambo, kumene kashembe, ntchentche yoluma ija, salola ng'ombe kugona masiku awiri. Ife ng'ombe tinkaiona m'buku la sukulu, ili ndi dzina lake pansi.

"Nanga la njati, aphunzitsi?"

"Njati ndi ng'ombe yosapita ku sukulu. Koma yesa."

Apa ndiye panali ntchito. Mudzi wonse unkadya nyama, aliyense ankadziwa, koma ine ndinali mlamu wa gemu. Ndikangoti "ndikufunako fupa la njati," anthu ankasanduka oyera mtima. Mayi wina anandiyankha milomo ikunyezimira mafuta, "Ife mwana wanga chaka chino ndi therere basi," kumbuyo kwawo galu akulimbana ndi mwendo wautali kuposa iye. Nditaloza galuyo anati ndi wa alendo. Ndinayenda makomo foti. Chabwino, mwina naini. Sindinapeze ngakhale fupa la mbewa.

Ndinamva kuti kupitirira Jumbe kumabwera munthu wa kumtunda ndi nyama ya ng'ombe pa njinga. Ndinabwereka njinga ya alamu. Inu mukadandaula kuti minibasi yaima nthawi yaitali pa Jumbe, ndimangokuyang'anani. Msewu umenewo unali mchenga ndi mabampu, akashembe akukukwera pamsana osalipira, njovu itaima pakati pa njira ngati ndiyo inalima msewuwo. Ina ndinaidikira maola atatu, mpaka tinayamba kudziwana. Ndinagona kwa achibale, m'mawa ndinamupeza wa nyama uja chubu chitamuphulikira. Ndinamumatira, iye anandipatsa fupa la mwendo, lalitali, lowongoka, lokhala ndi tinyama m'mbali. Ndinalimanga pamsana ngati mwana.

Ndinafika Lachiwiri masana, miyendo ili ya munthu wina. Ndinasonkha moto kuseri kwa nyumba, kuika fupa mu mphika, kuthira madzi, monga ananenera aphunzitsi. Ndinati ndigoneko pang'ono pansi pa mtengo. Sindinauze munthu kuti fupalo ndi la chiyani, chifukwa alongo ndi ine sitinkalankhulana pa nkhani ya chipeso.

Chinandidzutsa ndi kugunda kwa nkhwangwa.

Pakhomo panali anthu ngati pali ukwati. Fungo la ng'ombe linali litayenda mudzi wonse, ena anabwera kudzabwereka moto ali ndi moto kwawo. Amake Tisa anali atathira mchere, matimati ndi chibwabwa mu mphika wanga. Alamu anali atagwada pa chipika, fupa langa lili pamenepo, akulimenya kachitatu kuti afike pa mafuta a m'kati. Zidutswa zake zikanakwanira gitala ya nyerere.

"Mlamu, wachita bwino," anatero akuyamwa. "Tinaisowa."

Apa sindikuwonjezera kanthu, ana inu. Ndinakhala pansi n'kulira, mnyamata wamkulu, pamaso pa anthu obwereka moto. Ndinanena zonse, za kalata, za bandi, za mchenga, za lole ya Loweruka. Alongo sanandiseke. Alamu anayang'ana kachidutswa kali m'manja mwawo nthawi yaitali, kenako anakamaliza kuyamwa, poti kutaya sikukanabweza kanthu.

M'mawa mwake alamu anandidzutsa. "Tiye undinyamulire thumba."

Tinatsika ndi mtsinje mpaka pa dziwe lina limene linkauma. Mvuu ziwiri zamphongo zinamenyana pamenepo masabata apitawo, ina n'kufa. Afisi ndi miimba anali atamaliza zawo, panatsala mutu. Lamulo linali lakuti mano a mvuu apite ku boma, onse, ndipo munthu wamba akapezeka nalo ngakhale limodzi ankakafotokoza kwa majisitireti. Alamu anawazula, kuwaika m'thumba. Dzino limodzi linali litang'ambika ndi dzuwa, kachibanthu kake, kotalika ngati chala, kali pamchenga.

"Mano awa ndi a boma," anatero. "Ine ndikukasamba m'manja. Ndimachedwa posamba. Ndipo sindicheuka, ndimayang'ana ng'ona."

Tsiku limenelo analankhula mawu a mwezi wathunthu. Atabwerako, kachibanthu kali m'kabudula mwanga, anayang'ana pamchenga, anayang'ana kumwamba, tinabwerera.

Inu mukuganiza kuti zatha. Dzino la mvuu ndi mwala umene unasochera m'kamwa. Mpeni wanga unapindika. Tupa wa aphunzitsi anasalala ngati sopo. Chimene chinkalidya pang'ono pang'ono chinali chimodzi chokha pakhomopo, mphero ya alongo, mwala wawo woperera mapira, umene anasiyiridwa ndi amayi athu.

"Wadya chipeso, tsopano ukufuna mphero."

"Alongo, inunso munadya fupa."

Anandilozera mphero. "Uthire madzi popala. Ukaiswa, usamuke."

Ndinapala Lachitatu lomwelo mpaka zala zinatha mizere. Pansi pake pankafunika kusalala kuti kakhale bwino m'kampata, osagwedera, osawerama. Lachinayi kanalowa. Ndiye inayamba ntchito yeniyeni. Kuika kafupa, kumanga mawaya, kuchuna, kuliza mayi, kudina pa timadontho. Amake Tisa ali pamtondo, osatembenuka n'komwe.

"Wa kwa aneba."

Kumasula, kuchotsa, kupala, kubwezera, kuchuna.

"Akadali wa kwa aneba, koma amabwera kudzasewera kuno."

Kumasulanso. Ndipo mtima uli m'mwamba, chifukwa waya ukamumanga ndi kumumasula kawirikawiri amaduka, ndipo wina wapadera kunalibe chigwa chonse. Chinanso, fupa ukalipala mopitirira silimera. Kachibanthu kanali kamodzi, ndipo alamu sakanasambanso m'manja kachiwiri.

"Tsopano ndi msuweni."

Lachisanu ana ataweruka, aphunzitsi anabwera okha ndi rula ndi bokosi la machesi. Analowetsa kamtengo pansi pa waya pa timadontho paja kuti aone kutalika, anandionetsa popala msana, mbali ya mawaya aang'ono kutsogolo, ya onenepa kumbuyo. Rula inkati zatheka. Alongo ankati ayi. Anayamba kukangana awiriwo, ine ndili pakati ndi mphero.

"Mayi, ndayeza kawiri."

"Yezani katatu, aphunzitsi. Waya wonenepayo mwana wake akukwera mtengo."

Aphunzitsi anatseka maso, ndinaliza, anamvetsera. Kenako anaika rula m'thumba. Chiyambire sindinaonepo rula imeneyo ikugonja. Ndinapala msana wa mbali imeneyo kasanu kokha, mopepuka, ngati ndikupukuta khanda kumaso. Kumanga, kuchuna. Mayi. Mwana.

Munsi unaima.

"Bwereza."

Ndinabwereza.

"Ameneyo ndi wake." Anandiuza kuti ndiyende mawaya onse sikisi, mmodzi mmodzi, iwo akutsatira ndi pakamwa potseka. Pomaliza anati, "Chotsa chinthu chakocho pamaso panga, ndipo mphero yanga uitsuke." Ufa wa sabata imeneyo unkalira m'mano, koma palibe anadandaula, aliyense pakhomopo anali ndi mlandu wake.

Loweruka gitala inakwera lole, nditaikulunga m'bulangeti langa lokhalo, m'saka, ndi mumphasa, nditaiika pakati pa matumba a nsomba zouma. Dalaivala ndinamuuza kuti muli mankhwala a sing'anga, wokhalapo atupa. Lole itangozimirira m'fumbi, alamu anati, "Koma dzino la mvuu likauma limang'ambika." Mawu amenewo akanatha kuwanena Lachitatu.

Inatsala kalata. Ndinafuna kulemba zoona, Mulungu ndi mboni. Ndinayamba katatu. "Yotamu, ndinamasula zimene unati ndisamasule." Ndinafufuta. Pensulo ikafika m'manja mwanga imayenda yokha. Ndinalemba kuti kafupa kakale ndinakachotsa dala, chifukwa kanali ka atsamunda ndipo sikankayenera dziko la ufulu. Kuti akatswiri onse amadziwa kuti gitala imafuna dzino la mvuu, koma lozulidwa mvuuyo ili moyo, apo ayi mawu amafa. Kuti ndinasambira pa dziwe la Chinzombo ndi pulayala m'kamwa, ndinadikira yamphongo yaikulu iyasamule, ndinaika mtengo pakati pa nsagwada, ndinalowa mpaka m'chiuno. Kuti mvuuyo mpaka lero ikandiona imatseka pakamwa. Ndinadzaza mapepala atatu. Lolemba ndinakaponya m'thumba la positi ku sukulu.

Inu mukalemba zinthu pa foni, musanaike n'komwe pansi wina wayankha kale ndi kankhope koseka. Ine ndinadikira masabata anayi. Tsiku lililonse la positi ndinkaima pa mpanda wa sukulu, ine amene ndinalumbira kuti sindidzapondakonso. Ndinkaona kafupa katang'ambika m'lole, ndinkaona Yotamu akumasula mphasa pamaso pa anthu. Ndinaonda mpaka malamba a kabudula anazungulira kawiri. Mvula yoyamba itagwa, aphunzitsi anandikodola ndi envelopu. Ndinaiwerenga nditaima pomwepo, ndipo mpaka lero ndimaidziwa pamtima.

"Binwelo, gitala inafika ikununkha nsomba. Anditenga. Mkulu wa bandi anaiyenda khosi lonse, akuti pa magitala athu onse yonena zoona ndi iyi yokha. Anafunsa amene anapanga, ndiye ndinawawerengera kalata yako, onse, mapepala atatu. Akufuna tifupa tinayi. Pa Khirisimasi tikubwera kudzaimba ku Foti Jemusoni, tikatero titsikira kumeneko. Woimba ng'oma ali ndi kamera, akufuna akujambule uli m'kati mpaka m'chiuno. Pulayala usavutike, tibweretsa. Iwe ungosankhiratu mvuu zinayi. Ndine mnzako, Yotamu."